Shuga wobisala m'makoko a nzimbe

Mtsinje wa Dwangwa umayambira konkuno ku Kasungu, m'zigwa za kumadzulo kumene kuli malo osungirako nyama zakutchire aja. Kwathu kuno sutchuka kwenikweni. Umangodutsa m'minda ya fodya ndi chimanga, m'chilimwe n'kuchepa mpaka ana kumawoloka osanyowa maondo. Koma ukatsetsereka chakum'mawa n'kukafika kunyanja, m'boma la Nkhotakota, madzi ake amathandiza kuthirira minda ikuluikulu ya nzimbe. Pamenepo pali fakitale ya shuga ya Dwangwa, imene lero ili m'manja mwa Illovo, ndipo pafupi nayo pali ina ya Ethanol Company Limited, ambiri amangoti EthCo. Kuyambira 1982 EthCo yakhala ikupanga ethanol wosakaniza ndi petulo. Ndiye kuti wakabaza amene wakutulani pageti la sukulu m'mawa uno mwina ali ndi kadontho ka mvula ya ku Kasungu m'thanki ya njinga yake. Si nthabwala ayi: hydrogen amene ali mu shuga wa nzimbe amachokera m'madzi amene mizu inamwa. Kumbukirani photosynthesis.

Koma nkhani yanga lero si ya madzi otsekemera a nzimbe. Ndi ya chija mumalavula mukatha kutafuna. Akatswiri akhala akulimbana nacho kwa zaka zambiri pofuna kuchisandutsa mafuta a galimoto, ndipo ena ataya nacho ndalama zosaneneka. Tiyeni tione chimene amafunamo, chifukwa chake chimavuta kutulutsa, ndiponso ngati ife a ku Kasungu, amene nzimbe timangolima pang'ono m'madimba, tili ndi gawo m'nkhaniyi.

Thani imodzi ya nzimbe

Tiyerekeze kuti thani imodzi ya nzimbe, makilogalamu 1,000, yalowa m'fakitale. Zigayo zimaifinya, madzi ake n'kuwiritsidwa mpaka shuga atauma. Shuga amene amatuluka ndi makilogalamu 100 kapena kupitirira pang'ono. Pamatsala madzi akuda, onata ngati uchi, otchedwa molasses, makilogalamu 30 mpaka 40. Kenaka pali makoko ofinyidwa aja, amene kufakitale amati bagasse: amenewa ndi makilogalamu pafupifupi 300, koma theka lake ndi madzi. Kumunda nako kumatsala masamba ndi nsonga, zimene zikauma zimalemera pafupifupi mofanana ndi bagasse wouma.

Ethanol wa ku Malawi amachokera ku molasses. Mu molasses mumakhala mutatsala shuga wambiri amene sanathe kuuma, ndipo yisiti amamudya mosavuta. Ophunzira a Fomu 3 ndi 4 mukuidziwa kale sitepe imeneyi:

C6H12O6 → 2C2H5OH + 2CO2

Magalamu 180 a glucose amapereka magalamu 92 a ethanol ndi magalamu 88 a mpweya wa carbon dioxide. Ndiye kuti pafupifupi theka la shuga limathawira m'mwamba ngati thovu. Kenaka amatcheza. Ethanol amawira pa madigiri 78 pamene madzi amadikira 100, choncho ukatenthetsa, ethanol ndiye amayamba kukwera ngati nthunzi. Otcheza kachasu kumudzi amadziwa zimenezi ngakhale sanaonepo buku la chemistry. Kusiyana kwake n'kwakuti kutcheza pakokha kumalekezera pa magawo 95 kapena 96 pa 100, madzi pang'ono amakakamirabe, ndipo fakitale imayenera kuwachotsa ndi njira ina chifukwa petulo ndi madzi sizigwirizana.

Mu 2004 fakitale yachiwiri, PressCane, inayamba ntchito ku Chikwawa, kudalira molasses wa ku Nchalo. Petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol, nthawi zina magawo 10 pa 100, nthawi zina mpaka 20, malinga ndi mmene ethanol akupezekera. Lita iliyonse ya ethanol wathu imachepetsa petulo wogula kunja ndi madola, wobwera pamathanki kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Amene munaona mizere ya magalimoto pamalo omwetsera mafuta m'zaka zaposachedwapa, anthu kugona m'galimoto kudikira thanki, simufunika kuuzidwa kuti nkhaniyi ndi yaikulu bwanji.

Vuto lake ndi ili. Thani ya molasses imapereka malita pafupifupi 250 a ethanol. Bwererani ku thani yathu ya nzimbe ija, mupeza kuti tapezamo malita 10 okha, mwina osakwana n'komwe. Molasses ndi chotsalira cha shuga, ndiye sungamuchulukitse popanda kuchulukitsa minda ya nzimbe, ndipo malo abwino othirira ndi omwewo amene tikufuna kulimapo mpunga ndi chimanga. N'chifukwa chake maso a akatswiri anatembenukira ku mulu wa makoko uja.

Shuga amene lilime silimumva

Tengani khoko la nzimbe, mulitsuke bwinobwino, mutafune. Palibe kutsekemera. Komatu mbali yaikulu ya chinthu chimenechi ndi shuga. Mu bagasse wouma, magawo 40 mpaka 45 pa 100 ndi cellulose, magawo 25 mpaka 30 ndi hemicellulose, ndipo magawo 20 mpaka 25 ndi lignin. Cellulose ndi ma glucose masauzande olumikizana ngati unyolo. Glucose yemweyo amene yisiti amamukonda.

Mwina mukuti, nanga sitachi wa mu nsima si unyolo wa glucose nayenso? Eya, ndipo apa m'pamene pali nkhani yonse. Kusiyana kuli pa kalumikizidwe basi. Mu sitachi ma glucose onse amayang'ana mbali imodzi, ndipo unyolo umapindika ngati sipuling'i, wotakasuka, madzi amalowamo. Mu cellulose glucose aliyense amatembenuzika poyerekeza ndi mnzake woyandikana naye, unyolo n'kukhala woongoka ngati ndodo. Maunyolo oongokawa amagona pamodzi mothithikana, n'kugwirana ndi ma hydrogen bond ambirimbiri, mpaka ngakhale madzi sapeza polowera. M'buku mupeza kuti kulumikiza koyamba amati alpha, kwachiwiri beta. Kasinthidwe kakang'ono kameneka ndiko kamasiyanitsa ufa ndi thonje, chifukwa thonje ndi cellulose pafupifupi yekhayekha.

Enzyme ili ngati kiyi: imatsegula loko wake wokha. M'malovu mwanu muli amylase, imene imadula sitachi. Amayi akamakonza thobwa amathira chimera m'phala, phala lija n'kusungunuka n'kuyamba kutsekemera. Chimera ndi mbewu imene inayamba kumera, ndipo mbewu ikamamera imapanga amylase kuti idye chakudya chake. Amayiwo akugwiritsa ntchito enzyme, ndipo amadziwa kuti phala likatentha kwambiri chimera sichigwira, ayenera kudikira lizizireko. Koma amylase ikakumana ndi cellulose imangodutsa. Kiyi si wake.

Ndiye pali lignin. Ngati munaonapo akumanga mlatho, ganizani za zitsulo zoimika zija ngati cellulose, waya womangira ngati hemicellulose, ndipo simenti yothira pamwamba ngati lignin. Lignin si shuga ayi. Ntchito yake n'kulimbitsa phesi kuti liime, kuletsa madzi, ndi kutchinga tizilombo. Mbewu zakhala zikudziteteza choncho kwa zaka mamiliyoni ambiri, ndiye musadabwe kuti munthu akuvutika kuthyola mpandawu.

Alipo amene anapeza njira kalekale. Ng'ombe imadya mapesi n'kunenepa, koma si ng'ombeyo imene imagaya cellulose. Ndi tizilombo ta m'chifu chake, ndipo kubzikula kuja n'kuthandiza tizilomboto poperapera udzu. Chiswe cha m'zulu zikuluzikulu zimene timaona m'minda chimachita zodabwitsa koposa: chimalima nkhungu m'kati mwa chulu, n'kumaipatsa timitengo totafunidwa kuti ifewetse, chiswe n'kudya pambuyo pake. Bowa uja amamera pachulu mvula ikagwa, monga utale, ndi chipatso cha munda umenewu. Ine ndikaona chulu ndimaona fakitale yaing'ono imene sinapempheko ngongole kubanki.

Enzyme imene mafakitale amagwiritsa ntchito lero inapezeka mwangozi. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a ku America amene anali kuzilumba za Solomon anadabwa kuona matenti ndi zovala zawo za thonje zikuwola msangamsanga. Wochita izi inali nkhungu. Anaitengera kulabotale ya asilikali ku Natick, ku Massachusetts, kumene Elwyn Reese ndi Mary Mandels anaifufuza kwa zaka zambiri. Cholinga poyamba chinali kuteteza matenti. Pambuyo pake anaona kuti nkhungu yodziwa kudya thonje ikhoza kutisandutsira zinyalala kukhala shuga. Lero imatchedwa Trichoderma reesei, kutengera dzina la Reese, ndipo mitundu yake yokonzedwa bwino imaweteredwa m'mathanki kuti izitulutsa enzyme yotchedwa cellulase.

Zimene zimachitika m'fakitale

Ntchito yoyamba, ndiponso yovutitsitsa, ndi kuswa simenti ija. Njira yodziwika kwambiri ndi kuika makoko m'chimphika chachitsulo chotsekeka, kupoperamo nthunzi yotentha madigiri oyandikira 200, kenaka kutsegula mwadzidzidzi. Madzi amene analowa m'timabowo ta khoko amasanduka nthunzi nthawi imodzi n'kuliphulitsa, monga mmene mbuliwuli zimaphulikira pachiwaya. Ena amathirako asidi wosungunulidwa. Ena amagwiritsa ntchito alkali, ndipo njira imeneyi si yachilendo kukhitchini kwathu. Chidulo chija agogo amatcheza kuchokera ku phulusa la mapesi kapena zitsononkho, chothira m'therere kapena m'masamba olimba kuti afewe msanga, ndi alkali, ndipo chimamasula makoma a maselo a mbewu. Fakitale imachita zofananako, kungoti ndi mankhwala amphamvu ndi moto wambiri.

Zikafewa amathira cellulase n'kusiya pa madigiri pafupifupi 50 kwa masiku awiri kapena atatu. Maunyolo aja amaduka, glucose n'kumasuka. Kuchokera pamenepo ndi njira yakale ija: yisiti, kenaka kutcheza. Ethanol amene amatuluka sasiyana ngakhale pang'ono ndi wa molasses. Mawu oti cellulosic ethanol, kapena ethanol wa m'badwo wachiwiri, amangonena kumene wachokera.

Pali minga iwiri panjira. Woyamba: hemicellulose akasweka amapereka makamaka xylose, shuga wa ma carbon asanu, ndipo yisiti wamba wophikira mandasi samudya. Anachita kusintha majini a yisiti kuti aphunzire. Wachiwiri: kutentha ndi asidi kuja kumawononga shuga wina n'kupanga mankhwala monga furfural ndi acetic acid, amene amafooketsa yisiti. Ukaphika pang'ono enzyme siilowa, ukapitiriza wapha yisiti. Kupeza pakatikati ndiyo ntchito imene imadyetsa ma injiniya.

Tsopano tengani cholembera tiwerengere limodzi, chifukwa masamu awa ndi a MSCE enieni. Mu thani ya bagasse wouma tinene kuti muli makilogalamu 420 a cellulose. Chidutswa chilichonse cha unyolo chimalemera 162, ndipo chikalandira madzi, 18, chimasanduka glucose wa 180. Ndiye 420 kuchulukitsa ndi 180, kugawa ndi 162, tipeza makilogalamu 467 a glucose. Inde, achuluka kuposa poyamba, chifukwa madzi alowamo. Chulukitsani ndi 92, gawani ndi 180: makilogalamu pafupifupi 239 a ethanol. Lita imodzi ya ethanol imalemera makilogalamu 0.79, ndiye tili ndi malita pafupifupi 300. Hemicellulose akhoza kuonjezera malita oyandikira 200. Awa ndi masamu a papepala, pamene palibe chotayika. Fakitale yeniyeni ikapeza malita 250 mpaka 300 pa zonse pamodzi imati zayenda bwino. Ngakhale zili choncho, makilogalamu 150 a bagasse wouma a m'thani yathu ya nzimbe ija angapereke malita pafupifupi 40. Molasses anatipatsa 10. Mwaona chimene chimakopa anthu?

Amene anayesa

Lingaliro lenilenilo ndi lakale. Mu 1819 Henri Braconnot wa ku France anasandutsa nsanza ndi utuchi kukhala shuga pogwiritsa ntchito sulphuric acid. Chovuta sichinali kutheka kwake koma mtengo wake.

Cha m'ma 2014 zinaoneka ngati zatheka. Ku America kunatsegulidwa mafakitale akuluakulu ogwiritsa ntchito mapesi ndi zitsononkho za chimanga: ya POET-DSM ku Emmetsburg ndi ya Abengoa ku Hugoton mu 2014, ya DuPont ku Iowa mu 2015. Pofika kumapeto kwa 2019 palibe imodzi mwa zitatuzi imene inali kupanga ethanol wa mtunduwu. Clariant inamanga yake ku Podari, m'dziko la Romania, yodya mapesi a tirigu, ndipo mu 2023 inalengeza kuti ikutseka. Zifukwa zake n'zophunzitsa. Mapesi otoledwa kumunda amabwera ndi mchenga ndi timiyala, zimene zimadya zitsulo ndi kutseka mapaipi. M'labotale munthu amatsuka makoko ake ndi manja. Pafakitale yolandira matani mazanamazana patsiku sizitheka. Enzyme inali yodula. Ndipo mu 2014 momwemo mtengo wa mafuta padziko lonse unagwa kuchoka pa madola opitirira 100 pa mgolo kufika pafupifupi theka lake.

Brazil yapirira kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Dzikoli lakhala likuyendetsa magalimoto ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1975, pamene boma linayambitsa ndondomeko ya Proálcool. Mu 2014 GranBio inatsegula fakitale ku Alagoas ndipo Raízen inatsegula yake ku Piracicaba. Zonse ziwiri zinavutika zaka zoyambirira, koma mu 2024 Raízen inatsegulanso ina ku Guariba, yokonzedwa kuti izipanga malita 82 miliyoni pachaka. Mwayi wawo ndi wakuti fakitale yatsopano imamangidwa pambali pa chigayo cha nzimbe, pamene makoko ali kale pamulu, nthunzi ilipo, matanki otchezera alipo. India nayo inatsegula yake ku Panipat mu 2022, yodya mapesi a mpunga amene alimi amawotcha mpaka utsi kuphimba mzinda wa Delhi.

Makoko ali ndi mwini wake kale

Apa ndinene maganizo anga. Mawu oti zinyalala amatisocheretsa. Bagasse wa ku Dwangwa ndi ku Nchalo satayidwa kudzala. Amalowa m'ng'anjo za maboila, kuwiritsa madzi, nthunzi yake n'kuzungulitsa makina opanga magetsi kenaka n'kukawiritsa madzi a nzimbe. Fakitale ya shuga imadziphikira ndi makoko ake omwe. Ukawatenga onse kukapanga ethanol, boila idya chiyani? Yankho lina ndi lignin wotsala uja, amene amayaka bwino kwambiri. Lina ndi masamba a kumunda.

Koma masamba nawo ali ndi nkhani yawo. M'minda yambiri ya nzimbe kuno kwathu amayamba awotcha asanadule, chifukwa masamba a nzimbe amacheka khungu, mumabisala njoka, ndipo wodula ndi chikwanje amafulumira m'munda wopsa. Mphamvu yonse ya m'masambawo imapita ndi utsi. Dera la São Paulo ku Brazil linakhazikitsa lamulo mu 2002 lothetsa kuwotchaku pang'onopang'ono, ndipo masamba anayamba kupezeka ambiri. Koma amene anayamba kudula ndi makina, ndipo anthu ambiri odula nzimbe ntchito inawathera. Walira mvula walira matope. M'dziko ngati lathu, mmene mabanja ambiri amadalira ganyu yodula nzimbe, funso limeneli si la sayansi yokha.

Ndikayerekeza njira ziwirizi, ine ndimaona kuti kwa Malawi chapafupi n'kuwotcha makoko mwanzeru. Maboila akale a mafakitale a shuga padziko lonse anamangidwa ndi cholinga chomaliza mulu wa bagasse, osati kuusunga. Boila yamakono, ya nthunzi yopanikizika kwambiri, imatha kuyendetsa fakitale n'kutsalako mayuniti a magetsi oyandikira 100 pa thani iliyonse ya nzimbe, ogulitsa kunja. Chilumba cha Mauritius chakhala chikuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Ndipo taonani kalendala: nzimbe zimagayidwa kuyambira cha mu Epulo mpaka Novembala kapena Disembala, ndiye kuti nyengoyi imaphatikiza miyezi yotentha imene madzi a mu Shire amachepa. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi umenewu, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo ambiri a inu munawerengera mayeso pa tochi. Boila ndi luso lodziwika, amisiri ake tili nawo, ndipo sifunika kugula enzyme ndi madola mwezi uliwonse.

Sindikuti ethanol wa cellulose tiiwale ayi. Magetsi sathira m'thanki ya minibasi. Enzyme yakhala ikutsika mtengo, ndipo tsiku limene njirayi idzakhazikike, malo ngati Dwangwa, pamene chigayo cha nzimbe ndi fakitale ya ethanol zili moyandikana, adzakhala oyenera kwambiri. Ndikungoti tisayambe ndi denga tisanakumbe maziko. Palinso china chapafupi: lita iliyonse ya ethanol imasiya malita 10 kapena kuposerapo a madzi akuda otsala potcheza. Madziwa akathiridwa mumtsinje amapha nsomba, koma akatsekeredwa m'thanki yopanda mpweya tizilombo timawasandutsa biogas, ndipo zotsalira zake zili ndi potaziyamu wothandiza m'munda.

Nanga ife kuno?

Ku Kasungu tilibe milu ya bagasse, koma cellulose tili naye wosaneneka. Mapesi a chimanga, zitsononkho, makoko a mtedza, mapesi a soya, ndi mitengo ya fodya ija alangizi amati tizizula tikatha kuthyola kuti matenda asagonere m'munda. Chemistry yake ndi yomweyo: cellulose, hemicellulose, lignin. Mu Ogasiti ndi Seputembala zambiri mwa izi zimapsa m'minda, pena posaka mbewa, pena pososa.

Ndipo tili ndi njala ya moto imene maboma ena alibe. Fodya wa flue cured amaumitsidwa m'balani kwa pafupifupi sabata yathunthu, moto osazima usana ndi usiku, kutentha kumakwezedwa pang'onopang'ono mpaka kufika madigiri a m'ma 70. Nkhuni zake ndi ngolo ndi ngolo. Wa bale safuna moto koma amafuna milimo ndi mapaso a zigafa. Mabelo amene amakafika kumsika wa Chinkhoma amakhala atadya mitengo yambiri, ndipo funsani agogo anu kuti misuku, mitondo ndi miombo inkalekezera pati kale poyerekeza ndi lero. Onjezerani kuti mabanja opitirira 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala.

Balani silifuna ethanol. Limafuna kutentha basi. Ndiye bwanji kuvutika kuswa cellulose, kuweta yisiti ndi kutcheza, kutaya mphamvu pa sitepe iliyonse, pamene ungathe kuwotcha khokolo mwachindunji? Chovuta cha zotsalira za m'munda n'chakuti n'zopepuka ndipo zimalilima n'kutha nthawi yomweyo. Mankhwala ake ndi kuzipanikiza kukhala mabuliketi. Chosangalatsa apa n'chakuti lignin, mdani wa wopanga ethanol uja, kwa wopanga mabuliketi ndi bwenzi. Makina akapanikiza mwamphamvu, zinthu zimatentha, lignin amafewa n'kumata zonse pamodzi ngati ulimbo, osafunanso chomatira china. Makina ang'onoang'ono a manja safika mphamvu imeneyo, n'chifukwa chake opanga mabuliketi kumudzi amathirako phala la chinangwa kapena dothi pang'ono.

Wina afunsa: bwanji osangotenga bagasse ku Dwangwa kubwera naye kuno? Yang'anani mapu. Kuchokera ku Kasungu kudzera msewu wa M18, kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, kenaka kukwera chakumpoto pa M5, ndi makilomita opitirira 150. Lole yodzaza makoko osapanikiza imanyamula mphepo ndi madzi, dizilo wake n'kudya phindu lonse. Lamulo la zotsalira za mbewu ndi lakuti zimapindula pafupi ndi pamene zagwera. Mafakitale a ku America aja nawo vuto limeneli linawapweteka.

Chenjezo lina likuchokera kunthaka. Phesi limene lagona m'munda silikuwonongeka. Likuphimba nthaka kuti mvula isaikokolole, likusunga chinyezi, ndipo chiswe ndi nyongolotsi zikulibweza m'dothi. Dothi lathu lamchengamchenga, lotopa ndi fodya wa zaka zambiri, limafuna chakudya chimenechi kwambiri. N'chifukwa chake alangizi a ulimi wa mtayakhasu amati mapesi tiziphimbira. Ng'ombe ndi mbuzi nazo zimadikira masangwi a mtedza m'chilimwe. Ndiye phesi limodzi likulimbiranidwa ndi nthaka, khola, mbaula ndi balani, fakitale ya ethanol isanabwere n'komwe. Kwa ine zoyamba kutenga ndi zimene zachoka kale m'munda ndipo zaunjikana pamodzi: zitsononkho pamalo opukusira chimanga, makoko pamalo oswera mtedza, utuchi kwa ocheka matabwa. Mitengo ya fodya nayo ikhoza kulowa m'ng'anjo ya balani, poti utsi wake umadutsa m'mapaipi n'kutulukira kunja, koma sindingailimbikitse pa mbaula yophikira m'nyumba chifukwa muli chikonga.

Yesani nokha

Izi mukhoza kuchita ku kalabu ya sayansi ndi aphunzitsi anu. Pezani mabotolo anayi apulasitiki ofanana, zibaluni zinayi, ndi paketi ya yisiti wa mandasi. M'botolo loyamba thirani madzi ofunda ndi masupuni awiri a shuga. M'lachiwiri ikani makoko a nzimbe oduladula tating'ono, otsukidwa kangapo mpaka kutsekemera konse kutatha, ndi madzi ofunda. M'lachitatu thirani phala la ufa woyera lamadzimadzi, lozizira. M'lachinayi thirani phala lomwelo, koma limene munathira chimera lidakali lofunda n'kulisiya maola awiri kapena atatu. Onjezerani theka la supuni yaing'ono ya yisiti m'botolo lililonse, vekani chibaluni pakamwa, ikani pamalo ofunda koma osati padzuwa lamphamvu. Madzi akhale ofunda ngati osambitsira khanda; otentha amapha yisiti. Musatseke ndi chivindikiro, botolo lingaphulike, ndipo za m'mabotolomo si zakumwa.

Pimani kukula kwa chibaluni chilichonse ndi ulusi pakatha ola lililonse, mulembe m'tebulo. Choyamba chidzafufuma msanga. Chachinayi chidzatsatira, kusiya chachitatu m'mbuyo, chifukwa amylase ya m'chimera yadula sitachi kumupatsa yisiti chakudya. Mpweya wa m'chibaluni mukhoza kuupititsa m'madzi a laimu kuti mutsimikize kuti ndi carbon dioxide. Chibaluni chachiwiri chidzangoti lende, ngakhale botololo lili ndi glucose wambiri womangidwa m'maunyolo. Chikafufuma, ndiye kuti makoko simunawatsuke mokwanira, atsukeninso muyambirenso.